Mphindi Makumi Awiri Kutsogolo kwa Kalasi

4 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abambo. Bondo lija likuvutabe? Nanga malonda a ndowa akuyenda bwanji ndi mvulayi?

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pafoni mumayankhula ndinu, ine ndimangoti "eya, eya" mpaka mayunitsi athe, ndiye ndaona kuti papepala mwina ndinganene zambiri. Ndapatsira adalaivala a basi ya m'mawa, aja amaima pafupi ndi benchi yanu kumsika. Ati palibe vuto, azititengera makalata.

Kuno kukoleji zinthu sizili bwino kwenikweni. Masabata awiri tsopano ndikumadzuka ndi nseru, nthawi zina ndikumasanza ndisanalawe n'komwe kanthu. Chakudya chikumangondibwerera. Mnzanga wa m'chipinda akuti ndipite kuchipatala, koma ine ndikudziwa chimene chikuchititsa, ndipo si cha mapiritsi. Pali chinthu chinachitika. Ndayamba kuchilemba katatu, katatu konse ndang'amba pepala. Ndili ndi manyazi, Amayi. Mwina maphunziro a uphunzitsiwa sindiwamaliza.

Musawauze kaye abambo. Ndikapeza mphamvu ndilemba zonse.

Ndine mwana wanu,
Kachete


7 Febuluwale

Amayi,

Moni kachiwiri. Kalata ya Lolemba ija nditaipereka ndinazindikira kuti sindinanenemo kanthu. Nazi zonse tsopano.

Chaka chino aliyense wa ife ayenera kuphunzitsa mphindi makumi awiri kutsogolo kwa anzake. Anzathu makumi anayi amakhala ngati ana a sukulu, ndipo mphunzitsi wathu amakhala kumbuyo ndi fomu n'kumapereka malikisi. Ndi mayi wamfupi wosaseka, timangowatcha a Wotchi chifukwa usanayambe amavula wotchi n'kuiika patebulo. Ukalephera amakupatsa mwayi wina umodzi. Ukalepheranso sakutumiza kusukulu yokayeserera, ndiye kuti chaka chonse chapita m'madzi.

Tsiku langa linali Lachiwiri, masabata awiri apitawo. Phunziro langa linali la theka ndi kota. Ndinakonzeka, musaganize kuti ndinachita ulesi. Ndinadula mapepala, ndinaloweza mawu onse mpaka mnzanga wa m'chipinda anayamba kumawanena nane akutsuka m'mano. Koma nditalemba mutu pabolodi n'kutembenuka, ndinaona maso okhaokha. Ndinakweza pepala kuti ndilipinde pakati, pepalalo linayamba kunjenjemera, kumalira phwaphwaphwa kalasi yonse ikumva. Mnyamata wina kumbuyo anachepetsa mawu ngati kamwana, nati, "Madamu, pepala lanu likumva kuzizira!" Onse anafa nacho chiseko.

Sanachite mwankhanza, timasekana choncho tonse. Koma ine mawu anathawa. Ndinatsegula pakamwa, ndinatseka. Ndinamva a Wotchi akuti, "Pitirizani, mayi, mphindi zikupita." Kenako ndinangozindikira ndili panja, kuseri kwa thanki ya madzi, choko chikadali m'manja.

Kuyambira tsikulo, ndikangoganiza za chipinda chija m'mimba mumatembenuka. Kusanza kuja n'kumeneko. Andipatsa tsiku lina, pa 19 Malichi.

Ndikudziwa kuti kwa inu izi n'zoseketsa. Inu mukakuwa kuti "Ndowa! Mabeseni!" amamva ndi a kudepoti omwe. Ine sindikudziwa kuti ndinatengera yani. Mayeso olemba ndimakhoza, temu yatha ndinali wachitatu. Koma mphunzitsi wosayankhula ndi wa ntchito yanji?

Mundiyankhe mukapeza mpata.

Kachete


9 Febuluwale

Iwe mwana,

Kalata yako ndalandira. Za moni tisataye nazo nthawi, tili moyo. Bondo lisiye, si limene landidwalitsa mutu.

Ndaiwerenga kawiri pabenchi, kachitatu ndakaiwerengera kuseri kwa mabeseni kuti mayi wa mapoto woyandikana nane asaone nkhope yanga. Nseru ya m'mawa. Chakudya kubwerera. Manyazi. Musawauze abambo. Ukuyesa ine ndinabadwa dzulo? Ndinakubala ndine, ndipo nseru imeneyo ndinayenda nayo miyezi inayi.

Ndi ndani? Wa kukoleji komweko kapena wa m'tauni? Ali pabanja? Miyezi ingati? Undiyankhe zinayi zimenezi, usandizungulitse.

Iwe amene mlendo akabwera unkabisala kuseri kwa chitseko, ndinkati uyu yekha sadzandivutitsa. Kani unkangosunga mphamvu.

Zaka ziwiri ndakhala ndikulawirira kukapikula ndowa kuti iwe udzaime ndi choko kutsogolo kwa ana, osati kudzakhala pano n'kumaitanira makasitomala ngati ine. Ndatopa, mwana wanga. Ndilibe ndi mphamvu yokalipa yomwe.

Dzulo ndakuimbira kasanu, sukuyankha. Abambo ako sindinawauze. Akungondiyang'ana, ukudziwa mmene amachitira, kufunsa safunsa.

Chinthu chimodzi chokha. Usamwe chilichonse chimene anzako angakupatse, usapite kwa munthu aliyense wa kuseri. Wamva? Zikhale mmene zilili, ubwere kunyumba. Tidzakalipirana konkuno, koma ubwere wamoyo.

Amayi ako


13 Febuluwale

Amayi,

Kalata yanu yandipeza lero. Ndaiwerengera pamasitepe a laibulale, ndipo sindikudziwa ngati ndimaseka kapena ndimalira. Ndilibe pathupi. Palibe mnyamata. Munthu amene ndikulephera kupereka moni kwa kalasi, mwamunayo ndikanamuyankha ndi pakamwa pati?

Ndiye kuti kalata yanga yachiwiri simunalandire. Ndinaipereka pa 7. Lero ndathamangira kudepoti, adalaivala ati basi ija inawonongeka, ili kugalaja, ndipo kalatayo inatsalira m'kabokosi ka kutsogolo. Alonjeza kuti akaitenga Loweruka. Nkhani ndi ya m'kalasi, si ya mimba. Sindiibwereza muno, zonse zili mmenemo, ndipo kuzilemba kamodzi kunandikwana.

Foni ndinaiona ikulira. Ndinayesa mwawerenga zonse ndipo mukufuna kundiseka, ndiye ndinaiika pansi pa pilo. Pepani.

Koma chandiwawa ndithu. Munaganiza zimenezo msanga bwanji? Ngakhale zili choncho, mzere womaliza uja ndauwerenga kangapo.

Kachete


18 Febuluwale

Mwana wanga Kachete,

Moni. Ife tili bwino, mvula yokha ndi imene yatipha malonda, sabata yonse ndagulitsa mabeseni asanu ndi kamodzi ka ana.

Makalata ako onse awiri afika tsiku limodzi, ina ili ndi oyilo pakona. Pepa pa zimene ndinakuganizira. Mayi akaopa, mtima umathamanga kusiya nzeru m'mbuyo. Nditawerenga ndinaseka ndekha mpaka mayi wa mapoto anandifunsa ngati ndatola chikwama.

Ndiye nkhani yonse ndi imeneyi? Kuyankhula basi? Ine ndimati kwagwa chinthu. Mwana iwe, anthu makumi anayi ndi anthu? Ine ndimayankhula ndi anthu mazana tsiku lililonse, ena oledzera, ena akuba, ena ongofuna kugogoda ndowa zonse n'kupita osagula. Palibe anandidyapo. Chetechete sautsa nyama. Ukaimirira, usankhe mmodzi amene akuoneka wopusa kuposa onse, uziyankhula ndi iyeyo. Mawu uziwatulutsira m'mimba, osati pakhosi. Mnyamata wa pepala lozizira uja ukanangomuyankha kuti, "Bwera udzalifunditse jekete lako." Kalasi ikanaseka iye, osati iwe.

Uzidya. Munthu wanjala amanjenjemera ndi kale. Za kusamaliza sukulu sindikufuna kuzimvanso.

Abambo ako ndawauza tsopano, poti si zamanyazi. Ndinawawerengera kalata yonse akudya. Ndimayesa aseka nane, koma anangosiya chakudya, n'kusamba m'manja, n'kutuluka kukakhala pakhonde. Anthu a m'nyumba muno mundikalambitsa msanga.

Amayi ako


1 Malichi

Amayi,

Moni. Pepani ndachedwa kuyankha. Ndimafuna ndikulembereni nditapeza chabwino chonena, koma sichinapezeke.

Ndayesa zonse munanena. Masana anthu akapita kukadya ndimalowa m'kalasi mopanda munthu n'kuphunzitsa mipando. Mipando ndimaiphunzitsa bwino kwambiri, ikanakhala yolemba mayeso ikanakhoza yonse. Kenako mnzanga wa m'chipinda anaitana anzake awiri, anakhala pabedi, ine ndinaima pachitseko. Pamenepo mawu anatuluka, ngakhale ndinatuluka thukuta mpaka bulauzi inamata pamsana. Ndinayamba kuganiza kuti mwina zitheka.

Ndiye Lachiwiri lapitali a Wotchi anandiloza kuti ndiwerenge yankho la gulu lathu. Mizere iwiri yokha, yolembedwa kale, ndili pamalo panga. Ndinaimirira. Ndinafunafuna wooneka wopusa monga munanenera, koma onse ankaoneka anzeru kuposa ine. Ndinayesa kutulutsira mawu m'mimba, m'mimbamo munali zina. Chimene chinatuluka chinali ngati kamwana ka mphaka. Wina anati, "Sitikumva!" Mnzanga anangotenga pepala n'kumaliza yekha.

Mawa lake ndinapita ku ofesi ya a Wotchi. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali mpaka anandiona okha. Ndinati, "Kodi palibe njira ina? Ndilembe mayeso ena, ngakhale atatu."

Anavula magalasi, nati, "Ana a zaka zisanu ndi zitatu sadzawerenga mayeso anu, mayi. Adzakuyang'anani."

Ndinati, "Ndiye ndichite bwanji?"

Anati, "Mantha sindingakuchotsereni. Chimene ndingathe n'kukuikani woyamba m'mawa, kuti musakhale tsiku lonse mukudikira."

Ndinathokoza n'kutuluka. Ndi anthu abwino, koma fomu yawo ilibe malo a chifundo.

Amayi, inu mukuti kuyankhula basi. Kwa inu ndi basi. Zili ngati wodziwa kusambira akuuza womira kuti, "Ingoyandama." Sindikukudandaulani, ndikungofuna mudziwe kuti sindikuchita dala.

Pafupi ndi geti la koleji pali shopu yotayipa ndi kusindikiza mapepala. Mwini wake ndi mayi wachikulire, maso ayamba kumuvuta, akufuna munthu wodziwa kompyuta. Anandiyesa, nati ndikhoza kuyamba pa 18. Kumeneko munthu umayang'ana makina, makinawo sakuyang'ana. Ndaganiza kuti pa 19 ndisapite. Kulephera ndalephera kale, palibe chifukwa choitanira anthu makumi anayi kuti adzaonerere kachiwiri.

Ndikudziwa ndowa zonse munanyamula chifukwa cha ine. Zimandilemera kuposa mmene mukuganizira. Koma ndatopa, ndipo si kutopa kwa tulo. Ndikumagona, ndikumadzuka ndili chimodzimodzi.

Mundipatsire moni abambo.

Kachete


10 Malichi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Sindinakulemberepo kalata chibadwire, ndiye ukhululuke malembedwewa, dzanja linazolowera pensulo ya pathabwa.

Amayi ako andiwerengera makalata ako. Unafunsa kuti unatengera yani. Unatengera ine.

Uli ndi zaka zinayi, kufakitale ya mipando kuno anandisankha kukhala kapitawo. Malipiro anali owirikiza, ndi nyumba ya kampani ya zipinda zinayi, mpopi uli mkati. Ntchito ndinkaidziwa kuposa onse. Koma kapitawo m'mawa uliwonse amakwera pabokosi n'kuuza anthu makumi asanu ntchito ya tsikulo. Lolemba loyamba ndinakwera. Anthu ake anali anzanga omwe ndinkadya nawo. Ndinaona maso. Pepala la ntchito linali m'manja, mayina onse ndinkawadziwa, koma palibe linatuluka. Ndinatsika, ndinakalowa m'nyumba yosungira matabwa, ndinakhala mmenemo mpaka belu la tiyi. Masana ndinapita kwa bwana kukanena kuti sindikufuna. Anandifunsa chifukwa, ndinangoyang'ana pansi.

Kunyumba ndinanena kuti apatsa wina. Amene anakwera pabokosi m'malo mwanga ndi munthu amene ndinamuphunzitsa ndine kugwira pulena yopalira matabwa. Amayi ako mpaka lero amadziwa kuti anandibera udindo, ndipo samupatsa moni. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Ndinkayesa ndikathawa, mantha atsala pabokosi paja. Sanatsale. Ndimapita nawo kuntchito tsiku lililonse, pano akalamba ngati ine. Shopu ya mapepala ukunenayo ndi nyumba ya matabwa yomwe ija. Muli bwino mmenemo, muli zii, palibe amakufunsa. Koma m'mawa uliwonse ndimamva mnzanga akuitana mayina pabokosi, ndipo ndimadziwa pamene walakwitsa, n'kukhala chete.

Sindingakuuze mmene ungachitire, chifukwa sindikudziwa. Ndaganiza za pepala lija lokha. Pepala n'lopepuka, limaulula dzanja. Ndakudulira thabwa lolemera, lozungulira ngati mbale. Ndalicheka pakati, theka lina ndalichekanso pakati. Ndalipala bwino, silikubaya. Dzanja lizinjenjemera mmene lingafunire, thabwa silidzalira. Likakulemera uliike patebulo, utsamirepo.

Ukalephera, ulephere uli m'chipindamo, osati kuseri kwa thanki. Ukatero ubwere kunyumba, palibe adzakufunse kanthu. Koma ukasankha shopu, ndiwe mwana wanga ndithu. Ine ndilibe pakamwa pokuweruzira.

Kalatayi ndaimata. Amayi ako ndiwauza ndekha.

Bambo ako


16 Malichi

Kachete,

Moni. Phukusi la abambo ako linafika? Ndinalinyamula ndekha kudepoti Lolemba, ndinaimirira mpaka adalaivala analiika pampando wakutsogolo ine ndikuona. Ndinawauza kuti basi ikafanso, alisenze pamutu. Chichokereni palibe chimene tamva kwa iwe.

Andiuza. Anadikira mpaka Lachitatu, ndikuchapa, n'kubwera kudzaima kumbuyo kwanga ngati mwana amene waswa kapu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikutukwana munthu wosalakwa. Dzulo anadutsa pamsika, ndinamupatsa moni, iye anacheuka kuyang'ana kumbuyo kuti ndikunena yani.

Ndinafuna kuwakalipira abambo ako. Ndinaganiza za madzi onse ndatunga pampopi wa panja zaka zonsezi, ndi zipinda ziwiri zimene takuleleramo, iwe ukuwerengera pabedi poti tebulo linalibe malo. Mawu anali atafika kale pakhosi. Koma ndinawaona mmene ankanenera, munthu wa imvi, pamaso pa mkazi wake yekha, manja akunjenjemera mpaka anawabisa m'matumba. Ndakhala nawo zaka zonsezi ndikuyesa kuti ndi munthu wosakonda zoyankhula. Sindinkadziwa kuti akufuna koma zikukanika. Ndinangowauza kuti andithandize kufinya bulangete. Tinafinya.

Sindinawakhululukire bwinobwino, ndisakunamize. Zimenezo zitenga nthawi, ndipo ndi za ine ndi iwo.

Koma kwa iwe ndinati kuyankhula basi. Mawu amenewo ndabweza. Ine chinthu chimenechi sindichidziwa, ndiye malangizo anga aja uwataye ngati sakuthandiza.

Lachiwiri layandikira. Sindikudziwa ngati ukalowe m'kalasi kapena m'shopu. Foni sindikuimbira, ndaona kuti imakupanikiza. Ndizingoyang'ana basi ya m'mawa.

Amayi ako


22 Malichi

Okondedwa Amayi ndi Abambo,

Moni nonse. Ndikulembera pamodzi chifukwa ndilibe mphamvu yolemba kawiri. Phukusi linafika bwino. Pepani pokhala chete. Sindinkadziwa choyankha, ndipo sindinafune kulonjeza chinthu.

Lolemba ndinapita kushopu. Ndinatayipa makalata a anthu ofuna ntchito tsiku lonse. Munali bwino mmenemo monga munanenera, Abambo. Palibe anandiyang'ana. Madzulo mayi wa shopu anati, "Mawa seveni koloko." Ndinavomera.

Lachiwiri ndinadzuka, ndinasanza monga mwa masiku onse, ndinavala. Thabwa ndinaliika m'chikwama, sindikudziwa chifukwa chake, kushopu silikanagwira ntchito. Nditafika pamene njira imagawikana, ina ya kugeti ina ya kumakalasi, ndinaima. Musaganize kuti ndinalimba mtima. Ndinangoona kuti kuthawa nakonso kwanditopetsa. Ndinakhotera kumakalasi.

A Wotchi anasunga mawu awo, ndinali woyamba. Anavula wotchi. Ndinalemba mutu pabolodi, zilembo zikutsetsereka ngati zikufuna kutuluka pawindo. Ndinatembenuka. Maso aja anali pomwepo, onse. Ndipo mawu anathawanso.

Mnzanga wa m'chipinda akuti ndinakhala chete pafupifupi mphindi yathunthu. Ine ndinaona ngati temu yonse. Chitseko chinali kudzanja lamanzere, masitepe anayi okha. Ndinagwira thabwa ndi manja onse awiri, ndinatsamira patebulo. Kenako ndinanena chinthu chimene sichinali mu pulani ya phunziro. Ndinati, "Ndikuchita mantha. Mundidikire pang'ono."

Palibe anaseka. Mtsikana wina kutsogolo anati, "Tikudikira, Madamu."

Ndinakweza thabwa, ndinati ichi n'chinthu chathunthu. Mawu anali aang'ono, a kumbuyo ankachita kuweramira kutsogolo. Ndinalekanitsa, ndinati ili ndi theka. Manja ankanjenjemera ndithu, koma panalibe phokoso. Nditafika pa makota, chidutswa chimodzi chinandipulumuka, chinagwa pansi, phaa, n'kutsetserekera pansi pa desiki. Mnyamata yemwe uja anakuwa, "Madamu, kota yathawa!" Anaseka. Yankho lanzeru ngati lanu, Amayi, ndinalibe. Ndinangoyang'ana patebulo n'kufunsa, "Ndiye pano patsala chiyani?"

Wina anati, "Theka ndi kota."

Ndinati, "Pamodzi ndi makota angati?"

Anayankha ambiri, "Atatu!"

Ndinati kwa mnyamatayo, "Tatolani wachinayiyo." Anatola, nabweretsa ndi manja awiri.

Zotsalazo sindikuzikumbuka bwino. Ndinathamanga kwambiri, ndinamaliza m'mphindi khumi ndi zisanu ndi imodzi, mafunso omaliza ndinaiwaliratu.

Andipatsa 52. Pokhozera ndi 50.

Pondipatsa fomu a Wotchi anati, "Mawu ndi ochepa, mumayang'ana pansi kwambiri, mapeto munalibe. Koma simunatuluke."

Ndinawafunsa, "Kodi zimenezi zimatha?"

Anati, "Kwa ena zimatha. Kwa ena zimangochepa. Sindikudziwa inu muli mbali iti."

Ndimayesa ndikakhoza ndidzalumpha. Ayi. Ndinapita kaye kushopu kukapepesa, mayi uja anangoti anadziwa kale. Kenako ndinakagwa pabedi masana omwewo, ndinadzuka anzanga akuchokera kokadya chamadzulo.

Abambo, kalata yanu sindingathe kuiyankha bwino. Ndinaiwerenga kamodzi, sindinathe kuibwereza, koma ndaisunga. Ndikabwera tidzakhale pakhonde, ngakhale osayankhula. Amayi, musawaumire mtima kwambiri.

Dzulo amata mndandanda wa masukulu. Anditumiza kusukulu ina kumapeto kwa msewu wa basi, kuyambira pa 1 Epulo, masabata asanu ndi limodzi. Kalasi yake ili ndi ana makumi asanu ndi atatu kudza atatu, maphunziro asanu patsiku. Lero m'mawa ndasanzanso. Koma dzina langa lili pamndandandapo, ndipo ndasaina.

Munditumizire nsapato zanga zakuda zija zafulati, zili pansi pa bedi kukhoma. Amene anapitako chaka chatha akuti kumeneko mphunzitsi alibe mpando.

Ndine mwana wanu,
Kachete